Bodza la Pakhomo

Tsiku lina madzulo, ndikuyendera Akristu a mphakati wina, ndinaona chinthu chimene sindinachiiŵale mpaka lero. Ndili chikhalire pakhonde, kunyumba yoyandikana nafe kunafika munthu wa panjinga, naodira. Kunatuluka kamtsikana ka zaka 8, kanagwada mwaulemu nkunena kuti: "Abambo achokapo, apita kumsika." Mlendoyo anapukusa mutu nabwerera. Asanapite patali, ndinamva bambo uja akutsokomola m'nyumbamo. Mlendoyo anadzera ngongole yake. Tsono kamtsikanako ndinkakadziŵa bwino, pakuti sabata lomwelo kanali pakati pa ana okonzekera Ukaristia woyamba, amene tinaŵaphunzitsa lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa bodza.

Kodi bamboyo analakwa kwambiri? Ambiri adzati iyayi. Adzati munthuyo anali pa umphaŵi, chimanga chinali chisanache, ndipo mwini ngongole akadamchititsa manyazi pamaso pa ana ake. Mau ameneŵa sindiŵapeputsa, chifukwa manyazi a munthu wosauka ndi oŵaŵa zedi. Komabe tiyeni tifunse: ndani analipira mtengo wa bodza lija? Mwini ngongole anangotaya ulendo umodzi. Amene anataya zambiri ndi mwana. Kutchalitchi anamva kuti bodza ndi tchimo; kunyumba anaphunzira kuti lamulo la Mulungu limagwira ntchito pokhapokha zinthu zikakhala bwino. Pa aphunzitsi aŵiriŵa adzamvera uti? Ife ansembe timamuona Lamulungu lokha, pamene atate ake amadya nao nsima tsiku ndi tsiku.

Augustino Woyera, Episkopi wa ku Hippo, analemba mabuku aŵiri pa nkhani ya bodza, loyamba cha m'ma 395, lachiŵiri cha m'ma 420. Iye anaphunzitsa kuti kubisa chinsinsi pokhala chete nkololedwa, koma kunena chimene ukudziŵa kuti nchabodza sikuloledwa, ngakhale pofuna kudzipulumutsa. Kusiyanitsa kumeneku nkothandiza m'banja. Sitikakamizidwa kuululira aliyense za m'nyumba mwathu. Bambo uja akadatha kutuluka yekha, kumtengera mlendo pambali, ndi kumuuza kuti lero alibe kanthu koma adzabweza akakolola. Akadachita manyazi kanthaŵi kochepa, koma mwana akadaona ndi maso ake kuti munthu woona sabisala kuseri kwa chitseko.

Buku la Ntchito za Atumwi, pa mutu 5, likusimba za Ananiya ndi mkazi wake Safira, amene anagulitsa munda napangana kubisa gawo lina la ndalama. Petro sanaŵadzudzule chifukwa chosunga ndalamazo, pakuti zinali zao. Anaŵadzudzula chifukwa cha chinyengo. Ndipo tiyenera kuzindikira kuti chinyengocho chinayambira kuchipinda, pa upo wa mwamuna ndi mkazi, chisanafike pamaso pa Mpingo.

Msonkhano Waukulu wa Vatikano Wachiŵiri, m'chaka cha 1964, unatchula banja kuti lili ngati Mpingo wa m'nyumba, momwe makolo ndiwo oyamba kulalika chikhulupiriro mwa mau ndi mwa chitsanzo. Papa Yohane Paulo Wachiŵiri anabwerezanso chiphunzitsochi m'chaka cha 1981, m'kalata yake yonena za banja. Ngati tsono nyumba ndi Mpingo, ulaliki wake ndi zimene ana amaona: muyeso umene amai amagulitsira ufa, chenji chimene mwana wapatsidwa mopitirira kugolosale, malipiro a waganyu amene walima mizere yake, ndi mau amene timanena za mlendo iye atangotembenuka. Kolona wa madzulo ndi wabwino, koma sangafafanize zimene mwana waona masana.

Abale anga, sindikulemba izi ngati munthu wopanda cholakwa. Kangapo konse inenso ndalakalaka kutuma wophika kuti akauze munthu wogogoda kuti abambo mfumu kulibe. Yesero limeneli ndi la tonse. Koma akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Ngati munatumapo mwana wanu kukanama, muitaneni lero lomwe, mukhale naye pansi, mumuuze kuti: "Mwanawe, tsiku lija ndinalakwa." Ulemu wanu sudzachepa. Mwanayo adzaphunzira kuti ngakhale atate ake ali pansi pa lamulo la Mulungu, ndipo pa tsiku lake lokalapa koyamba adzakhala ataiona kale njira.