KODI NSAPATO IYENERA KUKONGOLA?

Pa zobvala zonse za munthu palibe conyozeka koposa nsapato. Cipewa cikhala pamutu, malaya aonekera kwa onse, koma nsapato iponda fumbi ndi matope, ndipo mwini wace akafika kwao aisiya pakhomo. Tsono funso lathu nali: kodi nkoyenera kuti mmisiri athe masiku ace kukometsa cinthu congopondedwa? Amisiri a ku Japan anayankha funsoli ndi manja ao.

Nsapato yao yamtengo aicha geta. Ndiko kathabwa kosalala, kokhala ndi mano awiri kunsi kwace, ndi mabowo atatu opisamo cingwe cansaru cochedwa hanao, cimene cilowa pakati pa cala cacikuru ndi cinzace. Makolo ace a nsapatoyi ngakale ndithu. Pa malo ochedwa Toro, ku Shizuoka, amene anapezeka m'caka ca 1943, anafukulapo matabwa amene alimi anali kubvala m'minda yampunga zaka pafupi-fupi 2,000 zapitazo, kuti angatitimire m'thope. M'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 kufikira 1868, geta zinawanda m'mizinda.

Taonani nzeru zobisika m'kanthu aka. Mano akweza phazi ndi mphepete ya cobvala pamwamba pa matope. Mtengo wokondedwa koposa ndiwo kiri, wa ku madera onga Aizu, cifukwa ngwopepuka ndipo sulemetsa mwendo paulendo. Bowo lakutsogolo aliboola pakati peni-peni. Motero palibe yakumanja kapena yakumanzere, ndipo mwini angathe kuzisinthanitsa kuti mano aperepeseke mofanana. Cingwe cikaduka aikapo cina. Pa mitundu yina ngakhale mano akatha amazulidwa ndi kulowetsapo atsopano. Zonsezi mmisiri anaganizira munthu amene mwina sadzamuona konse.

Wina adzati, "Kumeneko nkutaya nthawi. Makina apanga nsapato zambiri pamtengo wocepa, ndipo wosauka apindula." Mau awa ali ndi coonadi, tisawanyoze. Ku Japan komweko, itatha nkhondo ya 1939 mpaka 1945, nsapato zacikopa ndi zamphira zinalanda malo a geta pang'ono-pang'ono, kotero kuti lero ambiri azibvala makamaka pa zikondwerero za nyengo yotentha, pamodzi ndi cobvala copepuka cochedwa yukata. Kumana mmphawi nsapato yochipa m'dzina la luso kukadakhala nkhanza.

Koma wotsutsayo aganiza kuti kukongola ndi cinthu copaka pamwamba nchito itatha. Kukongola kotero ndiko cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwa geta nkwina: cotsani zonse zopanda nchito, lingani cotsalaco ndi phazi la munthu, ndipo kukongola kubwera kokha osaitanidwa. Ici ndico anaphunzitsa Yanagi Soetsu, amene anatsegula nyumba yosungiramo nchito za amisiri wamba ku Tokyo m'caka ca 1936. Iye anaona ubwino woposa m'zipangizo za masiku onse, zopangidwa ndi anthu osalemba maina ao pa izo.

Apa mpamene nkhani ya nsapato isanduka nkhani ya makhalidwe. Kucita bwino pamene anthu aona ndi kuombera m'manja nkwapafupi. Koma amene asalaza kunsi kwa thabwa, kumene kudzangoona dothi, acita cifukwa ca ulemu wace kwa mnzace wobvalayo, ndi cifukwa mtima wace sulola nchito yaulesi. Cikumbu mtima ca mmisiri cioneka pa mbali yobisika.

Inu amene mwatsiriza sukulu, ambiri a inu mudzapatsidwa nchito zosachukitsa munthu: kukopera maina m'buku, kukhoma msomali, kulemba kalata ya nkhalamba yosadziwa kulemba. Musati, "Ndani adzaona?" Wobvala nsapato sadziwa dzina la mmisiri, koma phazi lace lidziwa pa mtunda uli wonse ngati mmisiriyo anali woona mtima.