Kodi anthu a ku Kaniguram akusowa chiyani?

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndikutengerani kutali, ku mapiri a South Waziristan m'dziko la Pakistan, kufupi ndi malire a Afghanistan. Kumeneko kuli tauni yotchedwa Kaniguram, kwawo kwa anthu a mtundu wa Ormur, amene amadziwikanso kuti Burki. Mukafufuza dzina lawo pa intaneti, simuchedwa kugwera pa masamba a mabungwe a umishoni monga Joshua Project. Pamenepo alembedwa m'kaundula wa mitundu imene uthenga wabwino sunaifike: chiyankhulo chawo ndi ichi, chipembedzo chawo ndi Chisilamu, apempherereni chakutichakuti. Ine ndine Mkhristu, ndipo kupempherera munthu sindikuona cholakwa. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi liwu lakuti "akusowa". Pamene tanena kuti mtundu wathunthu ukusowa chinachake, wayeza kusowako ndani, ndipo eni akewo anafunsidwa?

Poyamba tiwadziwe kaye. Mfumu Babur, amene anayambitsa ufumu wa Mughal, polemba mbiri ya moyo wake anatchula chiyankhulo chawo pakati pa ziyankhulo za m'dera la Kabul. Ndiye kuti zaka 500 zapitazo anali anthu odziwika kale. Cha m'ma 1525 kunabadwa Bayazid Ansari, amene anakulira ku Kaniguram komweko. Otsatira ake ankamutcha Pir Roshan, mphunzitsi wa kuwala. Analemba buku la Khair al-Bayan, limodzi mwa mabuku akale kwambiri a m'chiyankhulo cha Pashto, ndipo gulu lake linalimbana ndi asilikali a mfumu Akbar zaka zambiri. Shehe wina, Akhund Darweza, sankafuna n'kumumva komwe, moti anam'tembenuzira dzina n'kumamutcha Pir Tarik, mphunzitsi wa mdima.

Mwaiona nkhaniyo? Awa ndi anthu amene akhala akukangana za Mulungu, za kuwala ndi mdima, kuyambira kale Livingstone asanabadwe. Si chipanda chopanda kanthu chimene chikungodikira wobwera kudzathiramo madzi. (Okonda cricket, dziwani kuti mayi ake a Imran Khan anali a banja la Burki la ku Jalandhar, ndipo Javed Burki ndi Majid Khan, amene anatsogolerapo timu ya Pakistan, ndi abale ake a kuchikazi. Koma izo n'zapambali.)

Tsono kusowa kulipo ndithu, kusowa koti aliyense angathe kukuona ndi maso. Chiyankhulo cha Ormuri chikufa. Ku Baraki Barak, m'chigawo cha Logar ku Afghanistan, pafupifupi onse anasamukira ku Dari ndi Pashto. Katswiri wa ku Norway, Georg Morgenstierne, anachilemba m'buku lake la 1929 chitayamba kale kuzilala kumeneko. Ku Kaniguram ndi kumene chinalimba, ngakhale tauniyo yazunguliridwa ndi a Mehsud oyankhula Pashto. Kenako mu 2009 asilikali a Pakistan anayamba nkhondo yothamangitsa a Taliban ku South Waziristan, ndipo anthu a ku Kaniguram anathawa n'kumwazikana ku Tank, Dera Ismail Khan, Peshawar mpaka ku Karachi. Chiyankhulo cha anthu zikwi zochepa chimakhala ndi moyo chifukwa eni ake amakumana pa chitsime, pa maliro, pa msika. Akabalalika, mwana amayankhula za anzake a m'tauni, agogo n'kutsala akudziyankhulira okha.

Mkhristu woona mtima ali ndi yankho lake, ndipo tisalipeputse. Anena kuti: ngati ndikukhulupirira kuti ndapeza madzi nthawi ya chilala, kubisa chitsimecho pofuna kuoneka waulemu ndi nkhanza. Anenanso kuti amishoni ndi amene nthawi zambiri apulumutsa ziyankhulo. Lamin Sanneh wa ku Gambia, amene anabadwira m'Chisilamu n'kulowa Chikhristu, anatsindika mfundo yomweyi m'buku lake la 1989, kuti kumasulira Baibulo kunapatsa mphamvu ziyankhulo za makolo. Ifenso ndife mboni: Buku Lopatulika la 1922 linathandiza kuti Chichewa cholembedwa chiime. Zimenezi sindikuzikana ayi.

Koma taganizirani amene amalipira mtengo wake. Ku Pakistan kuli lamulo la 295-C, limene chilango chake ndi imfa kwa wopezeka wanyoza Mtumiki Muhammad, ndipo kungonamiziridwa chabe kwaphetsa anthu mlandu usanafike n'kukhoti komwe. Ku Afghanistan, pansi pa a Taliban, kusiya Chisilamu n'kuika moyo pa chiswe. Wolemba mapemphero ali ku ofesi kwake kutali, amagona tulo tabwino. Mnyamata wa ku Kaniguram amene wamvera ndiye amataya bambo, mayi, mudzi, mwinanso moyo. Ndikuvomera kuti ali ndi ufulu wosankha njira imeneyo, ndipo malamulo omuopsezawo ndi oipa. Komabe wom'itanayo ayenera kukhala woti adzakhalapo tsiku la mavutolo. Ndipo kufikira munthu ali pa msasa wa othawa nkhondo, ufa kudzanja lino uthenga kudzanja linalo, kumeneko ine sindikutcha kulalikira. Munthu wanjala amavomera chilichonse.

Musaone ngati ndi za kutali zokhazokha. Pa masamba omwewo palinso abale athu Achiyawo. Inu amene munakulira ku Mangochi kapena ku Machinga, taganizani mnzanu amene munkadya naye pa Eid, amene anabwera kudzakumba nawo manda pa maliro a agogo anu, atapeza kuti mwam'lemba pa pepala ngati ntchito yosamalizidwa. Angamve bwanji? Nanga inu mungamve bwanji mutapeza dzina la mtundu wanu m'kaundula wa ofunika kuwalowetsa Chisilamu? Ngati mukufuna ufulu womuuza za Yesu, muvomerenso kukhala pansi iye akukuuzani za Qur'an, ndipo mumvetsere ngati munthu woti angaphunzirepo kanthu. Ambiri a ife timafuna mbali yoyamba yokha, eti?

A Burki eni ake sanangokhala manja lende. Mmodzi wa iwo, Rozi Khan Burki, watha zaka zambiri akusonkhanitsa mawu a Ormuri ndi kukonza kalembedwe kake kuti ana adzakhale ndi powerenga. Kusowa kumeneku ndi kumene iwo atchula ndi pakamwa pawo, ndipo ndi kumene akukugwirira ntchito.