KODI WANTCHITO AKAKALAMBA, WATHA?

Pali funso limene makomiti a matchalitchi athu, eni minda ya fodya ndi onse olemba anzao ntchito amakomana nalo, koma kawirikawiri amaliyankha mobisa. Funso lake nali: munthu watumikira zaka 30, tsono miyendo yayamba kulemera, maso ayamba kuchita chidima, tichite naye chiani? Ena ati apume, palowe mnyamata. Ena ati kumchotsa nkusayamika, angokhalapo kufikira imfa. Ife tiyesa kuti onse awiri aphonya, pakuti aweruza munthu osayamba aona ntchito imene amsenzetsa.

M'masukulu aukachenjede muli anthu ophunzira za maganizo a munthu pa ntchito, ndipo ena a iwo amatha zaka zambiri akufufuza za antchito okalamba kufikira alandira digiri ya udokotala. Zimene apeza zitithandiza. M'chaka cha 1963 Raymond Cattell anaonetsa kuti nzeru za munthu zili za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndiwo changu chomasula chinthu chachilendo. Umenewu ukula pa unyamata, nuyamba kuchepa pang'onopang'ono. Wachiwiri ndiwo nzeru zokundika ndi zaka, zimene sizitha msanga, ndipo mwa ambiri zikulirakulirabe. Taonani m'chigafa cha fodya ku Nsaru kapena ku Kabudula: mnyamata anyamula belo limene nkhalamba siingalisunthe, koma nkhalambayo ingokhudza tsamba, yadziwa kale mtundu wake.

Mu 1990 Paul ndi Margret Baltes a ku Germany anafotokoza njira zitatu zimene wokalamba asungira nazo luso lake: asankha ntchito zowerengeka, azinola kwambiri, napeza chomthandiza pamene mphamvu zapelewera. Chitsanzo chodziwika ndi Arthur Rubinstein, katswiri woliza piano, amene atakalamba anachepetsa nyimbo zoliza, nachulukitsa nthawi yozikonzekera, ndipo ankayamba wachedwetsa dala asanafike pofunika liwiro, kuti liwirolo limveke lalikulu. Mmisiri wa matabwa pa Namitete achita chimodzimodzi pamene asiyira ophunzira ake sowo, iye nagwira zoyesa ndi zolumikiza.

Ngati zili tero, chilungamo chitiuza chiani? Papa Yohane Paulo II, m'kalata yake ya 1981 yonena za ntchito, anaphunzitsa kuti ntchito inaikidwa chifukwa cha munthu, si munthu chifukwa cha ntchito. Wotaya wantchito popeza mphamvu zachepa amuyesa khasu lotha, ndipo achimwira Mulungu amene anamlenga. Oipa koposa ndi aja amene, atadya thukuta la nkhalamba, aitcha mfiti.

Koma wina adzati: nanga anyamata? Kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18. Akulu akakakamira pa mipando, ana amenewa adzalowa pati? Mau amenewa ngoona, sitingawakane. Boma lomwe lipumitsa antchito ake pa zaka 60, ndipo Eklezia apempha episkopi wofika zaka 75 kuti apereke kalata yotula udindo. Chifukwa chake wokalamba nayenso ali ndi mangawa. Amene abisa luso lake kuopa kuti amlanda malo, nafa nalo, waba chuma cha mudzi wonse.

Malembo Oyera atipatsa njira yapakati. M'buku la Numeri, mutu 8, Mlevi ankasiya ntchito yolemetsa ya m'chihema pofika zaka 50, koma sankapitikitsidwa. Ankakhalabe pamodzi ndi abale ake nawathandiza kuyang'anira. Anamtula katundu, osamlanda ulemu. Nzeru imene ophunzira aipeza m'masiku athu ano, Mulungu anaipatsa Aisraele kalekale.

Tsono tibwere kwathu. Mphunzitsi wa mpingo amene wapalasa njinga kuchokera pa Nambuma kapena pa Mpingu kunka ku matchalitchi akutali zaka zonsezi, lero mawondo akana. Komiti isadikire kuti agwe m'njira, isamchotsenso ndi kalata ya mizere iwiri. Maulendo akutali apatsidwe kwa wachinyamata, ndipo mkuluyo asungidwe pa zimene aposa nazo onse: kulangiza okonzekera ukwati, kuyanjanitsa mabanja, kutonthoza pa maliro, ndi kuphunzitsa womlowa m'malo kwa chaka chathunthu. Ndipo popeza ambiri a kumudzi, alimi ndi aphunzitsi a mpingo omwe, alibe penshoni, akristu asaiwale thumba la chimanga pa nthawi yokolola. Imeneyi si mphatso ai, ndi ngongole.

Makolo athu anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambo sililimidwa ngati mtunda, koma mudzi wopanda dambo upsa. Papa Fransisko anaika mu 2021 tsiku lokumbukira agogo ndi okalamba, Lamulungu lachinai la mwezi wa July. Tsiku limeneli lisanafike, komiti iliyonse ikhale pansi ndi atumiki ake okalamba, niwafunse okha kuti ndi katundu uti afuna kutula, ndi uti afuna kusenzabe. Inu akulu, yankhani moona. Inu anyamata, mverani bwino, pakuti mmene muchitira ndi akulu anu lero, ana anu alikuona.