Gwadani muone pansi pa galimoto

Ana anga amene mwayamba kugwira chiwongolero cha Land Cruiser ndi Hilux, tatcherani khutu. M'mawa mumapukuta galasi mpaka kuchita mbee, mumayang'ana oilo ndi madzi, kenako n'kuliza injini. Zonsezo n'zabwino. Koma chimene chidzakusungeni ndi moyo potsetsereka Chiweta kapena Khwekhwerere wa ku Golomoti chili kunsi, kumene ambiri a inu simugwadako.

Mukaponda buleki, phazi lanu limangokankha mafuta. Mafutawo amayenda m'timapaipi tachitsulo tosakwana mamilimita 5 kunenepa kwake, totsatira chesisi mpaka kumbuyo. Pafupi ndi tayala, paipiyo imalumikizana ndi ina yamphira, chifukwa tayala limadumpha ndiponso kukhota. Moyo wa anthu onse amene mwanyamula umadalira timapaipi timeneti, tomwe tikumenyedwa ndi miyala tsiku ndi tsiku.

Mdani wamkulu ndi thope. Mwala umangochotsa utoto, wotsiriza ntchito ndi matope a dzinja. Makande akamatirira pamwamba pa thanki kapena pa tizitsulo togwira paipi, kunja amauma gwaa koma m'kati amasunga chinyezi kwa milungu. Dzimbiri limayambira pomwepo, kuseri kwa kogwirira, pamene diso silifika. Choncho mukachoka m'matope, tsukani kunsi musanatsuke pamwamba. Mukatero lowani ndi tochi, yendetsani chala pa paipi yonse. Mukamva makwinya kapena timaenje, kapena mukaona fumbi lanyowa pamalo amodzi pomwe ponse pali pouma, paipiyo yatha. Musadikire kuti iphulike. Kogwirira kakathyoka, bwezeranipo tsiku lomwelo, poti paipi yolendewera imakhulana ndi chesisi mpaka kubooka.

Ya mphira ija muziipinda ndi zala kuti muone ngati yachita ming'alu. Kenako mnzanu aponde buleki mwamphamvu inu mukuyang'ana. Ikatupa penapake, ichotseni. Ndipo inu okonda kukweza galimoto ndi masipuling'i ataliatali, apa mundimvetse. Mukakweza galimoto, paipi ya mphira imakhala yomweyo, sitalika. Tayala likagwera m'dzenje, imakokeka ngati chingwe cha mbuzi yomwe yaona msipu, ndipo tsiku lina idzadukira pamutu. Kwezani chesisi ndi jeke mpaka tayala lilendewere, muone ngati paipi ikadali ndi mpata. Khotetsaninso chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, isakhudze tayala.

Zakutchire ndimazidziwa. Paipi ikadontha, ena amaiphwanya ndi hamala kuti itseke, ena amathira madzi a sopo m'malo mwa mafuta. N'zoona kuti galimoto za masiku ano zili ndi njira ziwiri za mafuta, ina ikadontha ina imagwirabe, koma buleki imapita pansi ndipo galimoto imaima mochedwa kwambiri. Amene wachita zimenezi kuti atuluke m'nkhalango ayende ngati nkhono, popanda anthu kumbuyo, mpaka pagalaja yoyamba. Chondiwawa n'chakuti ena amaiwala, n'kumanyamula anthu a kumaliro mwezi wathunthu ndi matayala atatu okha ogwira buleki. Posintha, musalole paipi ya kopa weniweni, monga ya m'mafiriji. Imauma ndi kunjenjemera kwa msewu kenako n'kusweka. Gulani yachitsulo yopangidwira mabuleki, kapena yosakaniza kopa ndi nickel, imene sichita dzimbiri msanga.

Mafuta nawonso amakalamba, chifukwa amayamwa chinyezi. A DOT 4 atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira cha pa 155. Potsika phiri mutaponderera buleki, kutentha kumafika pamenepo, mafuta amachita nthunzi, phazi n'kungolowa pansi popanda chogwira. Asintheni pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo potsika muzidalira giya yotsika.

Musaiwale kebulo ya handibuleki. Mukawoloka mtsinje, madzi ndi mchenga zimalowa m'chikuto chake, waya n'kuyamba kudyeka m'kati. Chizindikiro chake n'chakuti imalimba pokoka, kapena mukaimasula tayala lakumbuyo limakhalabe logwira n'kumatentha. Timawaya ta ABS nato timathothoka ndi zitsa ndi mitengo ya m'minda, ndiye timangeni bwino motsatira chesisi, kutali ndi ekizozi. Kagetsi ka ABS kakayaka pa dashibodi mutangochoka m'tchire, musathamangire kugula zipangizo zodula. Yambani mwayang'ana kawaya kuseri kwa tayala lililonse, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala pamenepo.