Kodi Mtundu wa Mwana Uziyezedwa pa Khomo la Sukulu?

Malo m'sukulu zaukachenjede ndi ochepa, koma owafuna ndi ochuluka. Motero munthu wopatsidwa udindo wosankha ophunzira amasenza mtolo wolemera, pakuti potsegulira mwana mmodzi chitseko amakhala akutsekera wina. Funso limene lasautsa anthu anzeru m'maiko ambiri ndi ili: kodi posankhapo nkoyenera kuyang'ana mtundu wa mwana, ndi cholinga choti pasukulu pakhale anthu amitundumitundu? Nkhani ya ophunzira a m'mabanja ochokera ku Asia m'dziko la America ingatithandize kusinkhasinkha za funsoli.

Yunivesite ya Harvard, imene inakhazikitsidwa mu 1636, imalandira ana osakwana 5 mwa 100 aliwonse ofunsira malo. M'chaka cha 2014 bungwe la Students for Fair Admissions linasumira sukuluyi kubwalo la milandu. Dandaulo lake linali lakuti ana a ku Asia ankakhoza bwino mayeso, koma pa muyeso wa makhalidwe, monga kulimba mtima ndi kukoma mtima, ankapatsidwa malikisi otsika kuposa a mitundu ina. Mu 2019 woweruza Allison Burroughs anagamula kuti Harvard sinawasale mwadala. Koma pa 29 Juni 2023 bwalo lalikulu la dzikolo linagamula kuti kusankha ophunzira potengera mtundu nkosemphana ndi malamulo.

Amene amaikira kumbuyo kuyang'ana mtundu ali ndi mfundo zomveka. Anthu akuda a ku America anakhala mu ukapolo mpaka 1865, ndipo malamulo olekanitsa ana akuda ndi azungu m'sukulu za boma anathetsedwa ndi bwalo mu 1954. Bala la zaka zochuluka chotere silipola tsiku limodzi. Amanenanso kuti wophunzira amanoleka nzeru akamakhala ndi anzake osiyana naye chilankhulo, chipembedzo ndi kakulidwe. Pajatu akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Dokotala amene anaphunzira ndi anthu a mtundu wake okhaokha angavutike kumvetsa odwala a mitundu ina.

Komabe mbali inayo nayonso ili ndi choonadi. Mwana amene wagonera mabuku usiku ndi usana, nakhoza, kenaka namanidwa malo poti a mtundu wake achuluka, walakwanji? Iyeyo sanagulepo kapolo. Ndiponso makolo a mitundu ya ku Asia anazunzikapo m'dziko lomwelo. Lamulo la mu 1882 linaletsa antchito a ku China kulowa m'America, ndipo mu 1942 anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani anatsekeredwa m'misasa. Kulipitsa mwana wotere ngongole ya ena kuli ngati kulanga mbuzi pamene wadya chimanga ndi nyani.

Palinso chinthu china chimene ambiri sachiona. Mawu akuti "wa ku Asia" ndi dengu lalikulu limene taunjikamo anthu osafanana nkomwe. M'dengumo muli Mmwenye, Mtchaina, Mkoreya, Mfilipino ndi ena ambiri. Muli mwana wa dokotala wolemera, mulinso mdzukulu wa anthu a mtundu wa Hmong amene anathawa nkhondo ku Laos kuyambira mu 1975, nafika ku America chimanjamanja. Tikawawerenga onsewa ngati munthu mmodzi, ndiye kuti tasiya kuona munthu, tayamba kuona dzina lolembedwa pa dengu. Kusiyana kwenikweni kumene sukulu ikufuna kuli m'moyo umene mwana wakhala, osati m'maonekedwe a nkhope yake.

Ife Amalawi nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Njira yosankhira ophunzira a ku yunivesite potengera boma limene mwana akuchokera inabwezeretsedwa mu 2009, ndipo inathetsedwa mu 2020. Ena ankati imathandiza maboma otsalira, ena ankati imapondereza ana okhoza bwino, makamaka a m'chigawo cha kumpoto. Mkanganowo unali womwewu, kungoti m'malo mwa mtundu panali boma.

Nanga chilungamo chili pati? Maganizo anga ndi akuti cholinga chosakaniza mitundu nchabwino, koma njira yoyeza mwana ndi mtundu wake njolakwika. Wosankha ayang'ane ulendo umene mwana wayenda. Amene wapeza malikisi abwino powerengera koloboyi, atayenda mtunda wautali ndi njala, waonetsa mphamvu yoposa ya amene wapeza malikisi omwewo ali ndi mphunzitsi wapadera kunyumba. Ngakhale chigamulo cha mu 2023 chinalola kuti mwana afotokoze m'kalata yake yofunsira malo mmene tsankho linakhudzira moyo wake. Pamenepo choyezedwa ndi khama la munthuyo. Tisaiwalenso kuti pa mlandu womwewo zinaoneka kuti Harvard inkakondera ana a anthu amene anaphunzira pomwepo kale. Kukondera kotereku nakonso kumamana malo ana osauka a mitundu yonse.

Pomaliza, kumbukirani kuti mtengo umawongoledwa udakali waung'ono. Dziko limene likufuna kuona mitundu yonse m'sukulu zake zapamwamba liyambe ndi kuika mabuku ndi aphunzitsi abwino m'sukulu za pulayimale za kumadera osauka. Ndipo inu amene mudzapeze mwayi wolowa m'sukulu zoterezi, musakaunjikane ndi akwanu okhaokha m'chipinda chodyera. Kakhaleni pafupi ndi amene simumva chilankhulo chake, mumufunse za kwawo, pakuti kusakaniza mitundu m'kaundula nkopanda phindu ngati ophunzirawo sapatsana moni.