Mlenje wa usiku m'madimba a ku Lirangwe

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kukamazizira ku Chileka, madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Lirangwe amabiriwira ndi mpiru, repu ndi kabichi. Nsabwe za m'masamba nazo zimaikonda nyengoyi. Mukatembenuza tsamba la repu mumazipeza zitaunjikana, zili mbuu, zikuyamwa madzi a mbewu mpaka tsamba kupiringizika.

Pakati pa nsabwezo pamayenda kachilombo kena kosaoneka msanga, kofiirira, kosapitirira sentimita imodzi. Kakatera kamapinda mapiko pamsana ngati denga la nyumba ya udzu. Mukakayang'anitsitsa pafupi mudzaona kuti mapikowo ndi oonekera, ndipo m'kati mwake muli timitsempha tolukana bwinobwino, tokhala ndi ubweya wosalala. Namalenga sanaumire luso pa kanthu kochepa chonchi! Akatswiri amati banja lake ndi Hemerobiidae, la mitundu yoposa 500, ndipo limapezeka m'makontinenti onse kupatula Antarctica. Mtundu wina wotchedwa Micromus timidus uli mu Africa, Asia ndi Australia. Mu 1919 anthu anachita kukautenga ku Australia n'kupita nawo ku Hawaii kuti ukathane ndi nsabwe m'minda ya nzimbe. Kwathu kuno abale ake amangodzibwerera okha, osaitanidwa, osalipidwa.

Kakakazi kamaikira mazira ambirimbiri, limodzilimodzi kapena angapo pamodzi, koma sikaikira paliponse ayi: kamafuna tsamba limene pali nsabwe, kuti mwana akangoswa apeze chakudya pakhomo. Msuweni wake, wofanana nako koma wobiriwira, amaimika dzira lililonse pansonga pa kaulusi, pomwe wofiirirayu amangoligoneka patsamba. Mbale wawo winanso ana amamudziwa bwino, uja amakumba timaenje tozungulira m'fumbi la m'khonde kudikira nyerere.

Pakapita masiku ochepa m'dzira muja mumatuluka kamphutsi kowonda, ka miyendo isanu ndi umodzi, kothamanga. Kumutu kuli zibwano ziwiri zokhota, zamphako. Kakagwira nsabwe kamaibaya, n'kuithira madzi osungunula zam'kati, kenako n'kuyamwa zonse mpaka kutsala khungu lokha. Kamafundula kawiri kakukula, ndipo njala yake imakulirakulira.

Chimene chimandisiya kukamwa kuli yasa ndi ichi: masiku onse a umphutsi wake, kachilomboka sikachita chimbudzi. Matumbo ake ndi otsekeka chapakati, ndipo zotsalira zimangosungika m'mimba. Nanga mbali ya kumbuyoyo ndi ya chiyani? Imadikira ntchito ina. Nthawi ikakwana, timachubu tam'kati timene mwa tizilombo tina timachotsa zoipa m'thupi, mwa aka timapanga ulusi. Kamphutsi kamapeza malo obisika, m'tsamba lopindika kapena m'mng'alu wa khungwa, n'kumagwedeza mchira uku ndi uku, kudzilukira kachikwa kopyapyala koti mungathe kukaona kali khale m'katimo. Thupi lonse limaumbidwanso m'menemo. Tsiku lotuluka kamatafuna chikwacho, kufundula komaliza, kutambasula mapiko, ndiyeno n'kutaya kamodzi n'kamodzi kambulu ka zonse zimene kanasunga chibadwire. Ndani anakaphunzitsa kuti kadikire mpaka tsiku limenelo? Ine ndikaganizira zimenezi ndimangoti Chauta ndi wamkulu.

Kakakula sikasiya ulenje. Kamwa yake tsopano ndi yotafuna, ndipo kamadya nsabwe yathunthu, kodikodi ndi tizilombo tina tofewa. Masana kamabisala, usiku ndiye kamasaka, ndipo nthawi zina kamafika panyale ya pakhonde. Mukakakhudza kamadzigwetsa pansi, kupinda miyendo n'kukhala chete ngati kafa. Kamapiriranso kuzizira kuposa msuweni wake wobiriwira, choncho kamagwira ntchito m'nyengo yomwe ija ya ndiwo za kudimba.

Zimandipweteka ndikaona munthu akupopera mankhwala dimba lonse asanatembenuze ngakhale tsamba limodzi. Mankhwalawo sasankha. Amapha mlenje pamodzi ndi nsabwe, ndipo nsabwe, poti zimaswana mofulumira popanda ngakhale yaimuna, ndizo zimayamba kubwerera.

Mvula ikagwa, nsabwe za mtundu wina, zakuda, zimadzaza pakhobwe ndi pamtedza, ndipo ndizo zimafalitsa kadukutu amene amapinimbiritsa mtedza. Kumundako nako kachilomboka kamazilondola, n'kukaikira mazira ake kunsi kwa tsamba.