Kodi kufunsa mtsogoleri pagulu ndi kumuyalutsa?



Pali funso limene limasautsa kwambiri anthu oopa Allah kuposa anthu osaopa kanthu. Tinaphunzitsidwa kubisa zolakwa za m'bale wathu, kupewa miseche, ndi kulangiza munthu pambali. Nanga akuluakulu a boma akaitanitsa msonkhano, wojambula wa kanema n'kuimika makina ake, ife n'kupatsidwa mpata wolankhula, kodi kuimirira ndi kufunsa kumene kunapita ndalama za mjigo si kumuvula munthu pagulu? Ambiri a ife timasankha kukhala chete, n'kumati kukhala chete ndiwo ulemu. Tikabwerera kumudzi, zonse tinazimezazo timakazilavula pansi pa mtengo wa mango, mwini nkhani palibe. Pamenepo ndiye tagwa m'miseche yomwe ija tinkaithawa.

Mabwalo olankhulirapo alipo. Lamulo nambala 8 la chaka cha 2003, pamodzi ndi malangizo ake a 2005, linakhazikitsa mabungwe a upo otchedwa Conselhos Consultivos, kuyambira kumidzi, kudzera m'madera monga Mualadzi ndi N'sadzu, kufikira paboma la Chifunde. M'mabungwemo mumakhala mafumu, alimi, amalonda, atsogoleri a zipembedzo, ndipo malangizo amafuna kuti mwa mamembala 100 alionse, amayi asachepere 30. Wotsogolera zokambirana paboma ndi Administrador, amene sitimusankha ife ndi voti koma amachita kuikidwa. Chisankho cha makhonsolo a m'maboma chinalonjezedwa kuti chidzachitika mu 2024, koma mu 2023 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo a dziko n'kuchikankhira kutsogolo. Choncho bwalo la upo ndi misonkhano yapoyera ndiwo makomo amene tili nawo, ndipo khomo losalowapo anthu limamera udzu.

Tsono tibwerere ku funso lathu. Cholakwa cha munthu chili pawiri. Pali cholakwa cha m'nyumba mwake, cha pakati pa iye ndi Mbuye wake. Chimenecho tichiphimbe monga tikufunira kuti Allah adzatiphimbire zathu pa Tsiku la Chiweruzo. Koma pali chinthu chimene munthu wachita kusungitsidwa, amana, chuma cha anthu onse. Chimenechi sichili chinsinsi chake ayi, pakuti si chake. Wosunga nkhokwe ya mudzi akafunsidwa kuti chimanga chatsala chochuluka bwanji, sanganene kuti mwandilowerera m'nyumba.

Olemba mbiri amasimba za Khalifa Umar bin al-Khattab (Allah asangalale naye). Nsalu zinabwera ku Madina ndipo aliyense analandira chidutswa chimodzi. Umar anali munthu wamtali, chidutswa chimodzi sichikanamukwana, komabe anakwera pa mimbari atavala chovala chokwanira thupi lonse. Munthu wina anaimirira pakati pa khamu n'kukana kumvera kufikira Umar atalongosola kumene anaitenga nsalu yoonjezerayo. Umar sanam'thamangitse, ndipo sanam'uze kuti akumane naye kuseri. Anaitana mwana wake Abdullah, amene anachitira umboni kuti gawo lake anapatsa bambo ake. Apo wofunsa uja anakhutira, namvera. Taonani kuti funsolo silinam'chepetse Umar. Likanafunsidwa kuseri, munthu mmodzi yekha akanakhutira, ndipo khamu lonse likanabwerera kwawo ndi chikaiko m'mitima. Mtsogoleri woyera m'manja amapindula ndi funso la pagulu kuposa wina aliyense. Si pachabe kuti sura ya 42 m'Qur'an yolemekezeka imatchedwa ash-Shura, kukambirana, ndiponso kuti ayah yaitali kuposa zonse, ya 282 m'sura ya al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Naye Imam an-Nawawi, powerenga malo asanu ndi limodzi amene kutchula choipa cha munthu sikukhala miseche, anayamba ndi dandaulo la woponderezedwa kwa amene angathe kum'weruzira.

Dziko lathu likudziwa mtengo wa zinthu zochitikira mumdima. M'zaka za 2013 ndi 2014, makampani atatu, EMATUM, ProIndicus ndi MAM, anakongola ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni, boma likuikira chikole Nyumba ya Malamulo isanavomereze. Zitaululika mu 2016, maiko othandiza anaimitsa thandizo lawo, metikali inagwa, ndipo mlimi wa fodya wa kuno amene sanaonepo nyanja analipira ngalawa zimenezo pogula sopo ndi mchere. Mlandu unayamba mu Ogasiti 2021 m'chihema cha kundende ya ku Machava, ndipo dziko lonse linauonera pa kanema kufikira chigamulo cha mu Disembala 2022. Kunali kuwala ndithu, koma kuwala kofika nkhokwe itapsa kale.

Komabe tisanyengedwe n'kuyesa kuti paliponse pamene pali kamera pali choonadi. M'zaka za Pulezidenti Armando Guebuza tinaona misonkhano ya Presidência Aberta ikuulutsidwa pa TVM ndi pa Rádio Moçambique, anthu wamba akukwera pansanja kukadandaula pamaso pa mtsogoleri wa dziko. Chinali chinthu chabwino, ndipo akuluakulu ena a m'maboma anatuluka thukuta. Koma kamera imaona kumene yalozetsedwa. Siionetsa amene anasankha olankhula, siionetsa mayi amene anakhala kumbuyo chifukwa zonse zikunenedwa m'Chipwitikizi, ndipo siibwerera patapita miyezi isanu ndi umodzi kudzaona ngati mlatho unamangidwa. Ilinso ndi matenda ake amene ife timawadziwa ndi dzina lakuti riya, kuchita chinthu kuti anthu akuone. Matendawa amagwira wokhala pampando, amene amalonjeza zambiri nyali ikayaka, koma amagwiranso wofunsa, amene amakweza mawu kuti atchuke pa WhatsApp. Wofunsa wotere safuna yankho, likabwera, amakhumudwa.

Pali chinanso chimene sitikonda kuchimva. Kuyambira mu 2006 boma lililonse linkalandira mametikali 7 miliyoni pachaka, ndalama zokongoza anthu kuti alime ndi kuyambitsa ntchito, ndipo amene ankavomereza mayina a okongola anali mabungwe a upo omwewa. N'zodziwika m'dziko lonse kuti zobwezedwa zinali zochepa kwambiri. Kodi okongolawo anachokera kumwamba? Anali alamu athu, amalume athu, ena timaima nawo phewa ndi phewa pa swala. Tikafuna kuti buku la Administrador litsegulidwe, tidziwe kuti m'buku lomwelo muli mayina a kwathu. Amene akufuna kuwala kwa paofesi yekha, koma mdima pakhomo pake, sakufuna chilungamo. Akufuna chida chokanthira mnzake.

Choncho funso la pagulu lili ndi mwambo wake. Likhale la chinthu, osati la munthu: tifunse za matumba a simenti, tisafunse za mkazi wa kapitawo. Likhale lochokera pa zimene taona kapena tawerenga, pakuti wofalitsa mphekesera pa wailesi amanamizira munthu pamaso pa zikwi. Ndipo yankho likakhala loona, tilivomereze pagulu pomwepo, monga anachitira uja anafunsa Umar.

Zofunsa zilipo. Chiyambire 2005, malamulo amati magawo 20 pa 100 alionse a msonkho wa odula mitengo m'nkhalango azibwerera kumidzi kumene mitengoyo yadulidwa. Magalimoto a matabwa timawaona pamsewu wa ku Cassacatiza. Komiti ya m'mudzi mwanu inalandira zingati, inasungitsa kubanki iti, ndipo anasayina ndani? Lamulo nambala 34 la chaka cha 2014 limapatsa nzika iliyonse ufulu wopempha zikalata za boma popanda kulongosola chifukwa chake. Wosadziwa kulemba angapemphe pakamwa, mlembi n'kumulembera, ndipo ofesi iyenera kuyankha pasanathe masiku 21. Amene muli m'mabungwe a upo m'dzina la Asilamu, msonkhano wotsatira usanafike dzakhaleni nafe pano pambuyo pa swala ya Ijumaa, mutiwerengere m'Chinyanja zimene zikukakambidwa, ndipo mukabwerako mudzatiuze zimene zinayankhidwa ndi zimene zinadumphidwa.